Mmene mungasankhire dash cam ya kutsogolo ndi kumbuyo yoyendera tsiku ndi tsiku

Chaka chatha minibasi inandigunda kumbuyo pa rawundabauti ina mu Lilongwe, mmawa nthawi yothamangira ku ntchito ija. Ine ndinali nditaima kudikira kuti ochokera kumanja adutse, kenako ndinangomva phuu, bampala yonse kulowa mkati. Dalaivala kutsika wayamba kale kukuwa kuti ine ndi amene ndabwerera mmbuyo, kondakitala naye mboni, anthu kuunjikana aliyense akunena zake. Mtima wanga unali mmalo chifukwa pagalasi panali dash cam, kamera ija yojambula msewu galimoto ikamayenda. Koma apolisi atafika, titatsegula memori khadi ija tinapezamo mavidiyo a masabata atatu apitawo basi, ya tsikulo mulibe. Kakamerako kamayaka bwinobwino, kagetsi kofiira kakuphethira, chonsecho kanali katasiya kusunga kalekale. Komanso kanali ka kutsogolo kokha, ndiye olo kakanasunga sikakanaonetsa mmene minibasiyo imabwerera. Nkhani imeneyi inandidyera ndalama ndi masiku, ndipo kuyambira pamenepo ndinayamba kuwerenga ndi kuyesa makamera amenewa mofatsa. Zomwe ndalemba apazi ndi zomwe ndimauza mnzanga aliyense akandifunsa kuti agule iti.

Choyamba, musanayang'ane mtengo, yang'anani galimoto yanu

Tengani pepala mulembe zinthu zitatu: galimoto yanu ndi yamtundu wanji, imagona kuti, ndipo mumayenda kwambiri masana kapena usiku. Wa Vitz, Passo, Sienta kapena Probox, galasi lakumbuyo lili pa chitseko chotsegula mmwamba chija, ndiye waya wa kamera akuyenera kudutsa mu mpira wopindika uja wapakati pa denga ndi chitseko. Wa Axio kapena Corolla zake nzosavuta chifukwa galasi silisuntha. Wa Hiace, Noah kapena Voxy adziwiretu kuti waya amene amabwera mu bokosi nthawi zambiri amakhala wa mamita 6, ndipo akazungulira mmbali mwa denga amatha kuperewera, ndiye afunse waya wautali pogula pomwepo. Wa Hilux yokhala ndi kanopi, kamera yomata pagalasi la kabini ingoona mkati mwa kanopi basi, ameneyo akufunika kamera yakumbuyo yoika panja yosalowa madzi.

Chenjeraninso ndi mawu oti dual pa bokosi. Makamera ena olembedwa dual, yachiwiriyo imayang'ana mkati mwa galimoto osati kumsewu wakumbuyo. Imeneyo ndi yabwino kwa a takisi koma kwa inu amene mukuopa kugundidwa kumbuyo siikuthandizani. Funsani momveka bwino kuti front and rear, ndipo muone ndi maso kuti mu bokosimo muli kakamera kachiwiri kapadera kokhala ndi waya wake wautali. Ngati mukufuna zonse, kutsogolo, mkati ndi kumbuyo, imeneyo imatchedwa 3 channel, ndi yodulirapo komanso imadzaza khadi msanga.

Chachiwiri, funsani ngati ili ndi batire kapena supercapacitor

Apa ndi pamene anthu ambiri kuno timagwera. Kamera imakhala yomatidwa pagalasi penipeni pamene dzuwa limamenya, galimoto itaima panja tsiku lonse mawindo atatsekedwa. Mukudziwa mmene mumakhalira mkati mwa galimoto mu Okutobala, chiwongolero osagwirika, lamba wa mpando kuotcha pamimba. Nanga ku Chikwawa ndi ku Nsanje komwe panja pokha kumadutsa madigiri 40? Batire ya lithium ya mkati mwa kamera siipirira zimenezo, imatupa pang'onopang'ono mpaka kukankha chikuto, kenako kufa. Ikafa, tsiku ndi nthawi zimasokonekera nthawi zonse mukazimitsa galimoto, ndipo choopsa kwambiri nchakuti magetsi akaduka mwadzidzidzi, ngati mmene zimachitikira pa ngozi, kamera siitha kutseka failo yomaliza, ndiye vidiyo imene mukuifunayo ndi imene imakana kutseguka.

Supercapacitor siisunga moto wambiri, imangosunga wa masekondi ochepa okwanira kutseka failo bwinobwino, koma kutentha siikuopa ngati batire. Makamera a Viofo, Thinkware ndi BlackVue amagwiritsa supercapacitor. Ma model angapo a 70mai ndi Nextbase ali ndi batire, ngakhale chithunzi chake ndi chabwino, ndiye muziwerenga pa model yeniyeniyo osangodalira dzina la kampani. Ine maganizo anga, kwa galimoto yogona padzuwa kuno kwathu, Zambia kapena ku Tete, yopanda supercapacitor isiyeni olo wogulitsa atsitse mtengo bwanji.

Chachitatu, chithunzi chake

Ntchito ya dash cam ndi umboni, ndiye funso ndi limodzi: kodi nambala puleti ya galimoto inayo ikuwerengeka? Pa bokosi mupeza manambala awa: 1080p ndi madontho 1920 ndi 1080, 1440p imene ena amati 2K ndi 2560 ndi 1440, pomwe 4K ndi 3840 ndi 2160. Pa kuyenda kwa tsiku ndi tsiku, 1440p kutsogolo ndi 1080p kumbuyo ndi poyambira pabwino. Ngati thumba likulola, 1440p mbali zonse ndiye bwino kwambiri. 4K yeniyeni imathandiza masana kuwerenga nambala patali, koma imatentha kwambiri, imadya khadi, ndipo ndi yodula.

Vuto ndi loti 4K zambiri zotchipa zija ndi zabodza. Mkatimo muli sensa, kachipangizo kamene kamagwira chithunzi, ya 1080p kapena yochepera apo, kenako chithunzicho amangochikoka kuti chikule, failo imakula koma zooneka ndi zomwezija, mbuu. Njira yodziwira ndi kufunsa dzina la sensa. Opanga zenizeni amanyadira kulemba, mupeza Sony STARVIS kapena STARVIS 2, ndi nambala yake ngati IMX675 kapena IMX678. Mwachitsanzo Viofo A229 Plus ili ndi IMX675 ndipo imajambula 1440p kutsogolo ndi kumbuyo komwe, A229 Pro ili ndi IMX678 kutsogolo ya 4K, kumbuyo 1440p. Yakale A129 Duo ndi 1080p mbali zonse. Bokosi likangoti Ultra HD Super Night Vision osatchula sensa, dziwani kuti pali chobisa.

Usiku ndi pamene makamera amasiyana zenizeni. Misewu yathu yambiri ilibe magetsi, M1 kuchoka Dedza kupita Ntcheu usiku ndi mdima wokhawokha, anthu oyenda pansi mmbali, akabaza opanda nyale, ngolo, kenako thiraki yobwera itayatsa fulu. Apo pamafunika HDR, imene imathandiza kuti nambala puleti isangokhala chinthu choyera mbee nyale zanu zikaiwalira. Koma ndikuuzeni zoona, palibe kamera imene imagwira nambala iliyonse usiku galimoto ikuthamanga, olo yodula bwanji. Ndiye phunzirani chizolowezi ichi: chikachitika chinthu, werengani nambalayo mokweza pakamwa, kawiri, maiki ya kamera ijambula mawu anu. Zimenezi ndi zaulere ndipo zimagwira ntchito pamene galasi la kamera lalephera.

Musanagule pitani pa YouTube mulembe dzina la model ndi mawu oti night footage, muonere mavidiyo a anthu wamba osati otsatsa malonda a kampani. Ikani pa quality yapamwamba, imitsani vidiyo pamene galimoto ikudutsa, muone ngati mukuwerenga nambala. Bandulo imene muthere apo ndi yochepa poyerekeza ndi ndalama yogulira chinthu cholakwika.

Za kukula kwa malo amene ikuona, madigiri 130 mpaka 150 ndi okwana. Zija amalemba 170 zimaona mbali zambiri koma zonse zimachepa ndi kupindika, galimoto imene ili pafupi imaoneka ngati ili kutali. Mafulemu 30 pa sekondi ndi okwananso.

Chachinayi, musainyoze ya kumbuyo

Mu tauni ngozi zambiri zazing'ono zimachokera kumbuyo, pa maloboti, pa hampu, pa rawundabauti, kabaza wa njinga yamoto kukupalani mmbali nkuthawa. Koma opanga ambiri amaika kamera yabwino kutsogolo, kumbuyo nkuikako kachinthu ka 720p kapena kochepera apo. Makamaka zija zooneka ngati galasi loonera kumbuyo zokhala ndi sikirini yaikulu, zotchipa zake kamera yakumbuyo imakhala yongothandiza pa livesi, usiku simuona kanthu koma nyale ziwiri. Onetsetsani kuti ya kumbuyo ndi 1080p kupita mmwamba, ndipo sensa yake yatchulidwanso payokha.

Ngati galasi lanu lakumbuyo lili ndi tinti yakuda kwambiri, chithunzi cha usiku chichepa mphamvu, palibe kuchitira mwina, mutha kukweza exposure, kuwala kwa chithunzi, ya kamera yakumbuyo pang'ono mu ma setting. Ndipo fumbi. Aliyense wa Sienta kapena Probox amene amayenda msewu wa dothi akudziwa mmene galasi lakumbuyo limakhalira, munthu mpaka kulembapo ndi chala. Kamera siingaone kudutsa mu fumbi limenelo, ndiye waipa yakumbuyo izigwira ntchito ndipo kamerayo imatidwe pamalo pamene waipayo imapukuta.

Chachisanu, memori khadi, ndipo apa ndichedwapo

Chimene chinandipweteka ine tsiku lija ndi khadi. Dash cam imalemba pa khadi osapuma, likadzaza imafufuta mavidiyo akale nkulembanso pomwepo, zimene amati loop recording. Khadi wamba la mu foni silinapangidwire ntchito yotere, limatopa, ndipo likatopa nthawi zambiri limangokana kulembedwa mwakachetechete, zakale zili momwemo koma zatsopano osalowa. Mugule lolembedwa endurance, monga SanDisk High Endurance, SanDisk Max Endurance kapena Samsung PRO Endurance, la liwiro la U3 kapena V30.

Kukula kwake, 128GB ndi pabwino pa makamera awiri. Kutengera ndi quality imene mwaika, imasunga maola ngati 6 mpaka 10 isanayambe kufufuta, ndiye ulendo wa Lilongwe kupita Blantyre umakwanamo wonse. La 32GB limadzaza mu maola ochepa, mukazindikira madzulo kuti wina anakupalani mmawa mupeza vidiyo inafufutika kale. Onaninso mu kabuku ka kamera kuti imalola khadi lalikulu mpaka pati, zina zimathera pa 128GB zina 256GB kapena 512GB.

Tsono makhadi abodza ndi ambiri zedi, mu misika ndi pa intaneti pomwe. Pamwamba alemba 128GB, mukaliika mu kompyuta likuonetsanso 128GB, koma mkati mwake ndi 8GB kapena 16GB. Mavidiyo oyamba amasungika bwino, mukadutsa malire enieniwo zonse zimangokhala mafailo osatseguka. Pali kapulogalamu kaulere ka pa Windows kotchedwa H2testw, kamadzaza khadi lonse nkuwerenganso kuti kaone ngati kukula kwake ndi koona. Zimatenga nthawi, kusiyeni kagwire ntchito inu mukuchita zina, koma chitani zimenezi tsiku lomwe mwagula kuti likakhala labodza mukabweze lisiti likadali mmanja. Khadi la mtengo wotsika modabwitsa, kapena lija amati ndi laulere mu bokosi la kamera yotchipa, ine sindilikhulupirira.

Khadi latsopano lipangeni format mkati mwa kamera momwemo osati pa kompyuta, ndipo muzibwereza kamodzi pamwezi. Posankha kamera, funsaninso ngati imalira kapena kuyankhula khadi likavuta. Kamera yoti imakuuzani kuti yasiya kujambula ndi yofunika kuposa yokhala ndi sikirini yokongola.

Chachisanu ndi chimodzi, mukufuna izijambula galimoto itaima?

Ngati galimoto imagona mu mpanda ndipo ku ntchito kuli alonda, mutha kungolumikiza pa soketi ya ndudu ija ya 12V, galimoto ikalira kamera yayaka, mukazimitsa nayo yazima, basi. Gwiritsani chaja chimene chabwera mu bokosi, chifukwa ma USB a mu galimoto kapena a pa wailesi nthawi zambiri mphamvu yake siikwana makamera awiri, kamera imangozima nkuyakanso payokha. Yesaninso kuona ngati soketi yanu imazima mukachotsa kiyi, magalimoto ena imakhalabe ndi moto usiku wonse ndipo mmawa mupeza batire yatha.

Koma ngati mumaimika mu tauni, pa msika, kapena mwakhalapo pa mzere wa mafuta maola ambiri magalimoto atapanikizana aliyense akufuna kulowerera, mukudziwa kuti kupalana kwambiri kumachitika injini itazima. Apo pafunika parking mode, yoti kamera izijambula galimoto itaima, ndipo kuti igwire ntchito mugulenso hardwire kit, waya wolumikiza ku bokosi la mafyuzi. Mugule ya kampani yomweyo ya kamera, osasakaniza. Ili ndi mawaya atatu: wina amapita pa fyuzi yokhala ndi moto nthawi zonse, wina pa fyuzi imene imayaka kiyi akatembenuzidwa, wachitatu wakuda amamangidwa pa bawuti ya chitsulo cha bodi. Mitundu ya mawaya awiri oyambawo imasiyana, kwa ena wofiira ndi wa batire wachikasu wa kiyi, kwa ena ndi mosemphana, ndiye wa zamagetsi wanu awerenge kapepala kali pa wayapo asangoganizira.

Chofunika kwambiri pa hardwire kit ndi chija chodula magetsi batire ikatsika. Zambiri zimakulolani kusankha 11.8V, 12.0V, 12.2V kapena 12.4V. Timagalimoto tathu ta ku Japan tili ndi mabatire ang'onoang'ono, ena okalamba kale, ndiye ikani 12.2V kapena 12.4V kuti kamera izime batire ikadali ndi mphamvu yolizira injini. Wa hybrid ngati Aqua, Prius kapena Fit asamale kwambiri chifukwa batire yake ya 12V ndi yaing'ono, ndipo mawaya a olenji aja ndi a magetsi amphamvu, asakhudzidwe ndi aliyense.

Mafyuzinso ndi osiyana kukula. Ma Toyota ambiri amagwiritsa aafupi aja otchedwa low profile mini, ena ndi mini wamba, micro2 kapena akuluakulu. Zulani imodzi muijambule pa foni musanaitanitse fuse tap, kolumikizira waya wa kamera pa fyuzi. Ndipo musalole munthu asende waya wa galimoto nkukulunga ndi tepi, kapena kutenga moto pa fyuzi ya airbag kapena ya ABS.

Pa parking mode pali mitundu ingapo. Ija imene imadzuka ikaona chinthu chikuyenda, pamalo podutsa anthu ambiri imangojambula osapuma. Ija imene imadzuka galimoto ikagundidwa ndi yabwino ngati ili buffered, kutanthauza kuti imasunganso masekondi angapo kugundako kusanachitike. Ine ndimakonda low bitrate, imajambula mosalekeza ndi mawu omwe koma failo yaing'ono.

Zina zoonjezera, mwachidule

GPS itengeni, imalemba liwiro, malo komanso imakonza nthawi yokha. Wi-Fi itengeninso, makamaka ya 5GHz, chifukwa mutha kukopera vidiyo pa foni muli pamsewu pomwepo osazula khadi, ndipo siifuna bandulo, foni imalumikizana ndi kamera mwachindunji. Ikamavuta kulumikiza zimitsani data ya foni kaye. CPL ndi kagalasi kovala pa lenzi kochotsa chithunzi cha dashibodi chimene chimaonekera pagalasi dzuwa likawala, ndi kotchipa ndipo kamathandiza. Zija zochenjeza kuti mwatuluka mu mzere wa msewu, pa misewu yathu yoti mizere inafufutika imangolira chisawawa, mudzazimitsa tsiku lachiwiri. Za cloud ndi 4G zimafuna simu khadi ndi bandulo mwezi ndi mwezi, kwa munthu wa galimoto imodzi si zofunika.

Sankhani kamera yaing'ono yakuda yobisala kuseri kwa galasi loonera kumbuyo, yomata ndi tepi ya 3M. Zomata ndi mpira wokoka mpweya zija zimagwa kukatentha ndipo pa msewu wa maenje zimanjenjemera. Komanso chinthu chachikulu chowala pagalasi chimaitana akuba, mutaya kamera ndi windo lomwe.

Kogula

Ngati mukugula mu shopu kuno, pemphani ayiyatse pomwepo, mujambule kavidiyo mutuluke nako panja muone pa foni kapena pa laputopu, osati pa kasikirini kake kaja chifukwa pamenepo chilichonse chimaoneka bwino. Funsani za kubweza ndipo tengani lisiti. Ngati muli ndi mbale ku Joni, pa Takealot, sitolo ya pa intaneti, zimapezeka, a ku UK ali ndi Amazon ndi Halfords. Pa AliExpress gulani ku sitolo yeniyeni ya kampaniyo, ndipo muwerengeretu msonkho wa MRA ndi ndalama yotumizira. Mukamapanga bajeti muphatikize zonse, kamera, khadi, hardwire kit ndi wokuikirani. Ndalama zikachepa, bola kamera ya 1080p mbali zonse ya kampani yodziwika ndi khadi lenileni, kusiyana ndi 4K ya dzina losadziwika.

Kuika kwake

Yambani mwayesa zonse muli mnyumba kapena mu galimoto mawaya ali pamtunda, muone kuti makamera onse awiri akujambula musanabise chilichonse. Kenako pukutani galasi ndi spirit, liume. Ya kutsogolo ikhale pakati chakumwamba kuseri kwa galasi loonera kumbuyo, chakumbali ya pasenja, poti magalimoto athu chiwongolero chili kumanja ndiye chakumanzere pang'ono, pamalo pamene waipa imafika, ndipo lenzi isakhale pa timadontho takuda tija. Yatsani muone pa foni musanamate, chithunzi chikhale ndi msewu wambiri, thambo pang'ono, boneti ingooneka mmunsi. Thambo likachuluka kamera imadetsa msewu. Mukamata kanikizani kwa masekondi 30.

Waya alowe mmphepete mwa denga, atsike pa chipilala cha pambali pa galasi. Apa samalani, magalimoto ambiri ali ndi airbag mmenemo, pamakhala polembedwa SRS, waya adutse kuseri kwa airbag osati kutsogolo kwake, chifukwa tsiku la ngozi airbag ikuyenera kutuluka popanda chotchinga. Waya wa kamera yakumbuyo atsate denga mpaka kumbuyo, ndipo pa galimoto ya chitseko chotsegula mmwamba adutse mu mpira uja, musiye wotsala pang'ono kuti asamakokeke potsegula. Pomata ya kumbuyo onani kuti timizere ta hita ta pagalasi tisadutse pakati pa lenzi, komanso kuti chithunzi sichili chadodolido.

Abale amene muli ku UK, kumeneko malamulo ake ndi okhwima pa zotchinga maso a dalaivala, kamera isatchinge pamene dalaivala amaonera msewu. Apolisi akumeneko amalandiranso mavidiyo a dash cam kudzera mu Operation Snap, njira yotumizira mavidiyo kupolisi pa intaneti.

Ma setting a tsiku loyamba

Nthawi ikani GMT+2, ndi ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa yomwe. Vidiyo yolembedwa tsiku lolakwika imapatsa mpata munthu wokana mlandu. Loop recording ikani mphindi 1 kapena 3, ndiko kutalika kwa failo iliyonse. Frequency ikani 50Hz kuti magetsi a mumsewu asamaphethire mu vidiyo. Maiki ikhale yoyatsa, koma muziwauza amene mwawanyamula kuti mawu akujambulidwa.

G-sensor ikani pa low. Kachipangizo kameneka kakamva kugunda kamatseka vidiyo kuti isafufutike, zomwe ndi zabwino, koma pa misewu yathu dzenje lililonse ndi hampu iliyonse kamayesa ngozi. Mukakasiya pa high, pakutha pa sabata khadi ladzaza ndi mavidiyo otsekedwa a maenje okhaokha, ndipo makamera ena akafika apo amasiya kujambula. Motion detection, ija yodzuka ikaona chinthu chikuyenda, ikhale yozimitsa poyenda, ndi ya poimika basi.

Za kulemba liwiro pa vidiyo anthu amatsutsana, ena amazimitsa poopa kuti zidzawagwiritsa okha. Ine ndimasiya choyatsa. Kamera imajambula za onse, zanu zomwe, ndipo kuyambira pamene ndinaika yanga ndimaona kuti phazi langa limapepuka ndikamalowa pa ma trading centre.

Tsiku limene zachitika

Imani, yatsani ma hazard, muone kaye ngati pali wovulala, vidiyo ibwere pambuyo. Kenako dinani batani lotsekera vidiyo, nthawi zambiri limakhala ndi chizindikiro cha makona atatu, muliphunzire lero lomwe kuti chala chizipita chokha. Koperani vidiyo ya kutsogolo ndi ya kumbuyo pa foni, kuphatikiza ya mphindi imodzi ngoziyo isanachitike. Ngati mukuzula khadi, zimitsani kamera kaye. Musalengeze pagulu anthu atatentha mitu kuti muli ndi vidiyo, dikirani apolisi afike. Kwa apolisi ndi a inshuwalansi perekani kope, khadi lenilenilo sungani inu, ndipo musadule kapena kusintha kalikonse pa failo. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati document, chifukwa mukatumiza ngati vidiyo wamba imafinyidwa ndipo nambala puleti ija imasanduka mbuu.

Chonde, ngati mwajambula ngozi ya anthu ena ovulala kapena omwalira, musathamangire kuponya pa Facebook ndi mmagulupu. Achibale awo asamve uthenga wa maliro kudzera pa status ya munthu. Kapatseni apolisi.

Pa tsiku limene mumatsukitsa galimoto kapena kuyang'ana oyilo, tsegulani app ya kamera pa foni muonere vidiyo ya dzulo, ya kutsogolo ndi ya kumbuyo, muone tsiku ndi nthawi ngati zili zolondola, pukutani malenzi onse awiri ndi kansalu kofewa, muonenso ngati ana otsuka galimoto sanaipotoze kamera yakumbuyo kuti iziyang'ana denga. Khadi likatha zaka ziwiri likugwira ntchito tsiku ndi tsiku ine ndimagula lina, lakalelo ndimalisunga mu kabati ka pa dashibodi kuti ndikazula lija la umboni pakhale loikamo pobwerera kunyumba.